Mfundo Yachisanu ndi Chiwiri

Ine ntchito yanga ndi kulemba zimene anena ena.
Ndimakhala pakona, pafupi ndi soketi yokhayo yogwira,
ndipo dzina langa limabwera kumapeto kwa pepala.

Lachinayi lija phiri linafunda chifunga mpaka m'chiuno,
anyani akuthamangitsana pamalata
ngati nawonso ali ndi msonkhano wawo.
Tinali titadutsa za mapaipi ophulika ku hositelo,
za basi yopanda matayala,
tiyi atazizira m'makapu,
pamene wapampando anati: mfundo yachisanu ndi chiwiri,
digiri yachiwiri ya maphunziro osakaniza.

A Likoswe osunga chuma anavula magalasi.
"Osakaniza chiyani? Ndiwo?
Mbiri pang'ono, nzeru zakuya pang'ono,
malamulo, nyimbo, za nthaka, ndakatulo.
Nanga mwanayo akatuluka pageti
akawauza abwana kuti ndine ndani?"
Ndinalemba: Membala wina anafunsa za ntchito.

Mayi Namathanga sanayankhe msanga.
Zaka zinayi akhala akunyamula fayilo yobiriwirayo,
yaperepeseka m'makona ngati buku la kusikelo.
Anati, "Amene ndikuwafuna si ana.
Ndi namwino wa ku Matawale amene watseka maso a anthu ambiri
koma alibe kokafunsa funso lomusowetsa tulo.
Ndi mphunzitsi wa ku Songani amene choko chamukwana,
kalaliki wa kukhoti amene amamva 'chilungamo' tsiku lililonse
osapeza mpata wolitembenuza liwulo aone kunsi kwake.
Azidzabwera madzulo, atavula yunifolomu."
Ndinalemba: Anafotokoza za ofuna kulembetsa.
Chala chinaphonya batani kawiri.

Magetsi anathima.
Mumdima anthu amamasuka pakamwa.
Wina anati laibulale yathu ndi zipinda ziwiri,
chinacho chimadontha.
Wina anati aphunzitsi ndife omwewa, malipiro ndi omwewo.
A Mataka a sayansi,
amene sindinawamvepo akuvomereza za munthu,
anati, "Ndayeza madzi zaka makumi awiri,
koma chimene anthu amatayira zinyalala mu Likangala
m'mabuku mwanga mulibe.
Mwina chili m'fayilo ya mayiwa."
Izi sindinalembe. Kompyuta inali itafa,
bolopeni itagubudukira pansi pa mpando wa wina.

Jenereta itatsokomola n'kudzuka
anakweza manja.
Kuwerenga ndi ntchito yanganso:
asanu ndi mmodzi uku, asanu uko,
Abusa Chikhwaza ali panja kuyankha foni.
A Likoswe anapempha kuti mawu awo alembedwe,
ndipo ndinawalemba onse, poti nawonso sananame:
ndalama kulibe.

Yavomerezedwa.
Liwu limodzi, zilembo khumi ndi zitatu.
Palibe anawomba m'manja.
Kwatsala a ku Lilongwe ndi zidindo zawo,
mwina chaka, mwina ziwiri.
Mfundo yachisanu ndi chitatu inali ya udzu wa pabwalo la mpira,
ndipo inatenga nthawi yaitali kuposa iyi.
Mayi Namathanga anangoisisita fayilo ija
monga umachitira mwana akaleka kulira.

Nditatolera makapu ndi mapepala otsala
ndinatsika kukakwera minibasi ya ku Chinamwali,
mvula ikuwaza, nsapato zikumwa madzi.
Digiri yanga yoyamba ili m'sutikesi pansi pa bedi,
pakati pa zitenje zosavala.
Zaka khumi ndi chimodzi
ndakhala ndikufupikitsa ziganizo za anthu ophunzira
kuti zikwane mzere umodzi,
ndipo sindikudziwa kuti changa,
nditapatsidwa tsamba lonse,
chingayambe ndi liwu liti.

Kondakitala anatambasula dzanja.
Pofufuza ndalama m'chikwama
ndinakhudza pepala ndinalipinda kanayi lija,
tsamba lomaliza la fayilo, la fizi.
Ndinawerengera pamtima kuchokera padepoti mpaka pasiteji yathu:
renti, sukulu ya Tiyamike, mankhwala a amayi.
Sizinakwane.
Ndinayambiranso.